Ka bot ka pa WhatsApp ka pakompuleksi pathu ku Randburg, ndakagwiritsa ntchito mokwanira nde ndinene

Abale anga okhala ku Joni kuno, makamaka inu amene mukuchita lendi m'makompuleksi a mageti awa, ndati ndilembe za ka chatbot kamene kampani yoyendetsa kompuleksi yathu inatibweretsera, chifukwa ndaona kuti makampani ambiri ayamba zomwezi ndipo posachedwa kakupezani nanunso ngati sikanakupezeni kale. Dzina la kampaniyo sinditchula, ndikadali pa lendi pompano ndipo sindikufuna kudzuka mawa n'kupeza notisi pansi pa chitseko kkkk.

Ndiyambe ndi kufotokozera a kumudzi amene mwina sakudziwa momwe zimakhalira kuno. Ku Ndirande kapena ku Area 25 landilodi wako amakhala nyumba yaikulu kutsogolo, mpope ukaphulika umangopita kukagogoda, odi odi bambo kunyumba kwanga kwasefukira, basi nkhani yatha kapena yayambika, koma munthu wamuona ndi maso. Kuno ayi. Fulati yanga mwini wake sindinamuonepo chilowereni mu 2023, ndimangodziwa dzina lake pa lease. Lendi ndimapereka kwa ejenti. Nde pamwamba pa ejenti pali chimene amati body corporate, ndiye kuti eni mafulati onse pamodzi, amene amasankha ma trustee awo, ndipo ma trustee aja amalemba ganyu kampani ina yoti iziyendetsa zonse, kutolera ma levy (ndalama zimene eni mafulati amasonkha mwezi ndi mwezi), kulipira alonda, kukonza geti, kutchetcha kapinga. Zonsezi zili m'lamulo la Sectional Titles Schemes Management Act la 2011 limene linayamba kugwira ntchito mu October 2016. Nde iwe wa lendi ukakhala ndi vuto umayamba wadzifunsa kuti ili ndi la ndani, la mwini fulati, la ejenti kapena la body corporate, ndipo aliyense mwa atatuwa ali ndi luso lokankhira mnzake.

Ka bot kasanabwere tinkalemba imelo kwa mayi wina wa ku ofesi, ankayankha pakapita masiku anayi asanu, nthawi zina osayankha n'komwe. Ukaimba foni umamva nyimbo mpaka mayunitsi kutha. Nde chakumayambiriro kwa 2024 tinangolandira meseji kuti sungani nambala iyi pa WhatsApp, kuyambira lero madandaulo onse, ma statement, makodi a pageti, zonse zizidzera pamenepa, ndipo kamayankha usana ndi usiku. Anakapatsa ndi dzina lachizungu la mtsikana ndi kachithunzi komwetulira, koma aliyense pakompuleksi pano amangoti ka bot.

Zabwino zake ndinene kaye chifukwa zilipo ndithu, sindinabwere kudzangonyoza ayi.

Choyamba n'choti kamayankhadi. 2 koloko usiku wabwera ku shifiti wapeza rimoti ya geti yafa batire, umalemba, mphindi isanathe kakutumizira kodi. Mlendo akubwera, umangolemba kuti ndikufuna kodi ya mlendo mawa masana, kakupatsa manambala oti umutumizire, alonda osavutananso naye. Kale zimenezi zinkafuna kuti utsike wekha masitepe atatu aja kukamutenga pageti ngati mwana wa ku nazale. Statement ya madzi ukaifuna imabwera pompo ngati PDF. Babu la pa masitepe likapsa umajambula chithunzi n'kutumiza, kamakupatsa nambala ya dandaulo. Mu March 2024 muja madzi anasowa masiku ambirimbiri mbali zambiri za Johannesburg chifukwa cha kuthima kwa magetsi ku pampu ya Eikenhof, ka bot kankatiuza kuti vuto si la mkati mwa kompuleksi ndi la kunja, ndipo kankatiuza nthawi yoti tikatunge pa thanki ya kuseri kwa bloko. Kameneka kanatithandiza, chifukwa pa gulu la WhatsApp la anthu okhala pano panali phokoso lokhalokha, wina akuti ndi ma trustee sanalipire bilu, wina akuti ndi sabotaji, wina akugulitsa ma samoosa pakati pa mkangano.

Koma chimene ine chinandikoka mtima kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti Amalawi anzanga mundimvetsa, n'choti ka bot sikamva kalankhulidwe kako. Inu mukudziwa zimene zimachitika ukaimba foni ku maofesi ena kuno, wangoti good morning basi mawu a winayo asintha kale, akufunsa kuti sorry where are you from, kenako akukulankhula Chizulu mwadala kuti aone ngati uyankhe, kenako foni yaduka yokha. Ka bot alibe nazo ntchito zimenezo. Ulembe chizungu chothyokathyoka, usokoneze L ndi R momwe timachitira ife, ulembe kuti my loof is reaking, kamamva ndithu kuti denga likudontha ndipo sikaseka. Ufunse funso lomwelo kasanu sikatopa, sikapumira m'mwamba. Mayi wina wa pa bloko lathu wochokera ku Mzimba amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Bryanston anandiuza kuti chibwerereni aka kanali koyamba kuti adandaule za chitseko chake chosatseka bwino, kale ankaopa kuimba. Zimenezi si zazing'ono ayi.

Kanandithandizanso pa nkhani ya mita ija. Mukukumbukira chipwirikiti cha November 2024, mamita onse a magetsi a prepaid amafunika kusinthidwa pasanafike pa 24 November apo ayi asiya kulandira mayunitsi. Nkhani yake inali yakuti token iliyonse imakhala ndi kanambala kowerenga mphindi kuyambira mu 1993, nde malo owerengerawo amathera tsiku limenelo, mita ikanayamba kuona token yatsopano ngati yakale n'kumaikana. Ngakhale kumudzi a ESCOM analinso pa kalikiliki yemweyo. Ine ndinali nditazengereza mpaka sabata yomaliza monga mwa chikhalidwe chathu, anthu ali pa mizere italiitali m'maofesi, ine ndinangokhala pa sofa n'kufunsa ka bot. Kanandiuza mwadongosolo kuti ndiyambe ndalowetsa ma token onse akale amene sindinagwiritse ntchito chifukwa ndikasintha sadzalowanso, kenako ndilowetse token yoyamba ya manambala 20, ndidikire mita ivomere, kenako yachiwiri, kenako ya mayunitsi, pomaliza ndione ngati KRN, kanambala koonetsa ngati mita yasinthidwa, yasintha kuchoka pa 1 kufika pa 2. Mphindi 10 zonse zatheka. Tsiku limenelo ndikanakapatsa nyenyezi zonse zisanu ndi Fanta pamwamba.

Chichewa ndinakayesa, musaganize kuti ndinakasiya. Tsiku lina ndili ndi nthawi yotaya ndinalemba kuti bho bho, mpope wa kubafa ukudontha mungatumize pulambala? Kanayankha m'Chichewa inde, koma Chichewa chake cha mu Buku Lopatulika, moni kwa inu wokondedwa wokhalamo, ndamva kudandaula kwanu kwa chitoliro, kkkk chitoliro abale, ngati ndikufuna kuimba nyimbo kubafa. Nditapitiriza kanayamba kusakaniza ndi mawu ena ooneka ngati Chishona, kenako kanangotembenukira ku Chizulu osandiuza. Nde Chichewa musadalire, sewerani nacho pofuna kuseka basi, koma nkhani ikakhala ya ndalama lembani chizungu chanu chothyoka chomwecho.

Tsopano ndifike pa usiku wa giza, thanki yotenthetsera madzi ija ya mu siling'i, chifukwa ndi pamene ndinakadziwira bwino kanthu kameneka.

Linali Loweruka mu June chaka chino, kuzizira kwa Joni kuja kolowa m'mafupa. Cha m'ma 11 usiku mwana wanga wamkazi akubwera kuchipinda kwathu akuti adadi kukugwa mvula kuchipinda kwanga. Ine mvula mu June ku Gauteng? Ndikupita ndikupeza siling'i yatupa ngati mimba ya chule, madzi akuti tho tho tho pa bedi, ofunda bwino, bulangete lanyowa kale mbali imodzi. Ndisanaganize n'komwe chochita pakona pa siling'i panang'ambika madzi n'kuyamba kukhuthuka ngati wina akutsanula ndowa. Madam akuthamanga ndi mabeseni, mapoto, mpaka poto wa nsima analowa ntchito, mwana akulira chifukwa mabuku ake a sukulu anali pansi pa bedi, ine foni m'manja ndikulemba ndi chala chonjenjemera.

Kunena chilungamo yankho loyamba linali lanzeru. Kanati pepani kwambiri, chitani izi msanga, pitani pa bokosi la masuwichi muzimitse suwichi ya giza, musakhudze magetsi a m'chipindamo ngati madzi afika pa babu, tsekani valavu yaikulu ya madzi, tsegulani mpope wa madzi otentha kuti giza ichepe mphamvu, chotsani katundu. Suwichi ndinazimitsa, ndipo mwina pakanapanda iko sindikanaganiza zoyambira kumeneko. Nde valavu ili pati? Kakuti kawirikawiri imakhala pansi pa sinki ya kukhitchini. Ndagwada pansi pa sinki, ndatulutsa ma Sunlight, ma Jik, mapepala a Shoprite amene madam amasunga ngati chuma, palibe valavu. Ndalemba kuti palibe. Kakuti yang'anani kubafa kuseri kwa chimbudzi. Kumeneko kuli kavalavu ka chimbudzi chokha. Ndalemba kuti ndikufuna munthu, kakuti ndamvetsa kuti izi n'zokhumudwitsa, dandaulo lanu ndalilemba ngati lofunika changu, nambala yake ndi iyi, a ku ofesi akuyankhani pasanathe maola 24 mpaka 48 a masiku ogwira ntchito. Loweruka usiku, ndiye kuti Lolemba kapena Lachiwiri, nyumba itasanduka Lake Chilwa. Ndalemba HUMAN zilembo zazikulu, ndalemba emergency, ndalemba plumber now, kakungondibwezera mawu omwe aja mwaulemu womwe uja, kuti kamvetsa kuti ndakhumudwa. Ulemu umene umakukwiyitsa kuposa chipongwe. Pomaliza kanandipatsa nambala ya foni ya zadzidzidzi, ndaimba, ikungolira osayankhidwa.

Amene anatipulumutsa ndi ankolo. Pakompuleksi pano pali bambo wina wachikulire wa kwathu ku Mangochi amene wakhala akusamalira malo ano zaka zambiri, ndi iye wa m'munda, ndi iye wa mabini, ndi iye wa chilichonse, amagona kakachipinda ka kuseri pafupi ndi mamita. Tonse Amalawi timangoti ankolo, azungu amawaitana ndi dzina loyamba ngati mwana, zimene zimandinyansa koma ndi nkhani ina. Madam ndi amene anati iwe siya kulimbana ndi foniyo kawadzutse ankolo. Ndathamanga ndi kabudula, ndagogoda.

Ankolo pepani ndakudzutsani, giza yaphulika kwathu.

Iwo osafunsa zambiri, angoti nambala 14 eti? Ija ndinawauza chaka chatha kuti yayamba dzimbiri pansi. Tiyeni achimwene.

Atenga tochi ndi mulu wa makiyi, avala jekete pamwamba pa zogonera, masilipasi kuphazi. Sitinakwere n'komwe kupita kufulati, tinazungulira kuseri kwa bloko kumene kuli kabokosi ka simenti kokhala ndi loko, atsegula, mkatimo muli mavalavu sikisi ofanana ndendende opanda chizindikiro chimene ine ndinachiona, iwo angogwira yachitatu kuchokera kumanzere n'kupotokola. Ndafunsa kuti mwadziwa bwanji kuti ndi imeneyo, akuti ya nambala 14 ndi imene ili ndi waya wofiira, ndinamanga ndine. Kukwera m'mwamba madzi asiya. Anakwera mu siling'i ndi tochi kukaona, atatsika anati thireyi ya pansi pa giza paipi yake yotayira madzi kunja inatsekeka ndi zinyalala, n'chifukwa chake zonse zathera m'chipinda. Anatithandiza kunyamula matiresi kupita nawo pabalaza, anakana tiyi, anati mawa kuli mabini a bloko B ngakhale ndi Sande, n'kumapita.

Nde taonani, ka bot kamadziwa za magiza onse a padziko lapansi, koma sikadziwa kuti valavu ya nambala 14 ili kuseri kwa bloko ndipo ili ndi waya wofiira. Ndipo palibe wa ku kampani amene anaganizapo zokhala pansi ndi ankolo n'kuwafunsa zinthu zoterezi kuti azilowetse m'kamakinako. Anangokadyetsa malamulo a kompuleksi ndi ma statement basi.

Koma chimene chinandipweteka kwenikweni chinabwera m'mawa mwake. Ndinafunsa ka bot kuti nanga matiresi, mabuku a mwana ndi kapeti zimene zawonongeka alipira ndani. Kanayankha mosakayika konse kuti musadandaule, inshuwalansi ya body corporate imalipira zonse zowonongeka chifukwa cha kuphulika kwa giza, sungani malisiti. Mtima unakhala pansi, mpaka ndinauza madam kuti tigula matiresi atsopano abwinoko. Lachiwiri munthu weniweni wa ku ofesi atandiimbira anati ayi bambo, inshuwalansi imeneyo ndi ya nyumba, giza, siling'i, penti, zomangidwa, ndipo excess, gawo limene inshuwalansi silipira, alipira mwini fulati, koma katundu wanu wa m'nyumba ndi nkhani yanu, mumafunika kukhala ndi inshuwalansi yanuyanu ya katundu. Ndipo mayiyo ankanena zoona, ndi momwe zimakhaliradi m'makompuleksi. Wonama anali ka bot. Ndinamutumizira screenshot, anangoti pepani, zimene assistant wathu amanena ndi zongokuthandizani kuganiza, sizimanga kampani, zinalembedwa mu terms zimene munavomereza. Terms zake ziti, zija unangodina yes tsiku loyamba uli pa mzere wa taxi ku Bree?

Apa mpamene pali vuto lenileni la tinthu timeneti. Kakamanena zoona ndi kakamanama mawu ake amakhala amodzimodzi, odekha, aulemu, otsimikiza. Munthu akamakayika umamuona, amati mmm ndifunse kaye abwana. Aka ayi, sikati sindikudziwa, kamangoluka chiganizo chooneka bwino. Ndipo si kathu kokha. Mzinda wa New York unakhazikitsa chatbot yake yotchedwa MyCity mu 2023 yoti izithandiza anthu a bizinesi, nde mu March 2024 atolankhani atayiyesa anapeza ikuuza malandilodi kuti ali ndi ufulu wokana munthu wa lendi amene amalipira ndi thandizo la boma, chikhalirecho lamulo la mzindawo limaletsa zimenezo. Tangoganizani, chatbot ya boma lenileni. Ku Canada nako munthu wina ananamizidwa ndi chatbot ya Air Canada pa za kuchotsera mtengo wa tikiti ya wopita ku maliro, kampani inayesa kunena kuti zonena za chatbot si udindo wake, koma mu February 2024 bwalo la ku British Columbia linakana n'kuilamula kuti ilipire, ndalama zake zinali pafupifupi 812 dollars za ku Canada. Ndalama yochepa koma mfundo yake yaikulu, kuti ukaika chinthu pakhomo pako kuti chizilankhula m'malo mwako, zimene chanena ndi zako. Ine za matiresi sindinapite nazo patali, ndinawerengera masiku ojomba kuntchito n'kuona kuti aposa mtengo wa matiresiwo, tinangowayanika padzuwa sabata yathunthu. Amanunkhabe pang'ono kukatentha.

Pa nkhani za malamulo nde musakakhulupirire n'komwe, chifukwa kumbukirani kuti analipira kuti kakhalepo ndi kampani, si inu. Mnyamata wina wa ku Zomba amene ankakhala pansi pathu posamuka anafunsa za dipoziti yake, kanamuuza kuti imabwezedwa pakatha masiku 30 ogwira ntchito malinga ndi ndondomeko ya kampani, osatchulako za chiwongoladzanja. Koma lamulo la Rental Housing Act la 1999 limanena zina. Dipoziti imayenera kusungidwa ku akaunti yopanga chiwongoladzanja ndipo chiwongoladzanjacho ndi chako. Potuluka mumayendera nyumba limodzi ndi landilodi kapena ejenti, ngati palibe chowonongeka ndalama ibwere pasanathe masiku 7, ngati pali zokonza achotse zokonzazo, malisiti ake uli ndi ufulu wowaona, yotsalayo ibwere pasanathe masiku 14, ndipo masiku 21 ndi pamene iweyo wakana kubwera kudzayendera nawo. Landilodi akapanda kuyendera nyumba nawe lamulo limatenga ngati wavomera kuti nyumba ili bwino. Mnyamatayo atalemba imelo yotchula zimenezi n'kunena kuti apita ku Rental Housing Tribunal, kumene kudandaula ndi kwaulere, ndalama inalowa sabata yomweyo. Nde ka bot sikananame mwadala mwina, kanangobwereza zimene kanapatsidwa, koma zimene kanapatsidwazo ndi zokomera mwini wake. Chimodzimodzi ukachedwa lendi, timameseji take timayamba pa 2 mwezi ukangoyamba, pa 4 tayamba kutchula zoti nkhani ipita kwa maloya, ndipo munthu wosadziwa amaganiza kuti mawa akumutulutsa, chonsecho kuno munthu satulutsidwa m'nyumba popanda chilolezo cha khoti, lamulo la PIE la 1998 lija. Zimenezo ka bot sikadzakuuzani pokhapokha mukafunse mwachindunji. Mkangano ukakhala wa iwe ndi body corporate kuli ofesi ya CSOS yoweruza mikangano ya m'makompuleksi, nayonso sikaitchula msanga.

China chimene sindinachiyembekezere n'choti kasandutsa anthu akazitape. Kale kuti uneneze neba umayenera kulemba imelo ndi dzina lako, nde anthu ankachita manyazi. Pano umangojambula chithunzi n'kuponya kwa ka bot, iko n'kutumiza chenjezo kwa mnzako popanda kunena kuti wanena ndani. Ife talandirapo awiri. Loyamba linali la zitenje za madam zimene anayanika pa chitsulo cha pabalikoni, ndipo apo tinalakwadi, malamulo a m'makompuleksi amaletsa kuyanika zovala poonekera kunja popanda chilolezo cha ma trustee, ngakhale ine mpaka lero sindimvetsa kuti chitenje choyera bwino chimalakwira ndani. Lachiwiri nde linandiseketsa ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi, akuti fungo losakhala bwino lochokera mu unit yanu. Abale, usipa. Usipa wabwino wa ku Nkhata Bay umene mlamu anabwera nawo pa basi, madam akazinga ndi tomato ndi anyezi, wina wakatineneza kwa loboti. Ndinayankha kuti ichi ndi chakudya si fungo, ka bot kakuti zikomo, ndemanga yanu yalembedwa, chonde thandizani kuti malo athu akhale okomera onse. Ukakangana ndi ndani pamenepo? Walira mvula walira matope, tinkafuna zoyankha msanga, tapatsidwa zoyankha msanga mpaka kwa adani athu.

Za mapepala samalani. Nthawi ina kanatumiza meseji kwa onse kuti tikukonzanso kaundula wa okhala pano, tumizani chithunzi cha ID kapena pasipoti ndi pemiti pompano. Ine mapepala anga ali bwino koma ndinakana kutumiza pa WhatsApp, ndinalemba imelo kufunsa kuti akufuna achite nazo chiyani, azisunga kuti, ndipo aziona ndani, chifukwa lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za munthu, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021 limakupatsa ufulu wofunsa zimenezo ndipo limati asatolere zambiri kuposa zimene zikufunikadi. Anandiyankha kuti dzina ndi nambala ya galimoto zikwanira. Nde bwanji poyamba amafuna pasipoti? Komanso dziwani kuti kodi iliyonse ya mlendo imene mwapempha imasiya mbiri, ndani anabwera, liti, anatuluka nthawi yanji. Amene muli ndi alendo obwera madam akapita kumudzi, ndangokuuzani kkkk.

Ankolo nawo kawasinthira ntchito, ndipo sindinganene kuti kawapeputsira. Kale munthu ankawapeza pa kapinga n'kuwauza vuto, iwo n'kukonza pompo, mwina n'kupatsidwa ya drink. Pano akuti asagwire chilichonse chopanda nambala ya dandaulo, ntchito zimabwera pa foni yawo m'chizungu chautali, maso awo ndi ofooka kale, nthawi zambiri madzulo amabwera kwathu kuti mwana wanga awawerengere. Akamaliza ajambule chithunzi, wodandaula apereke nyenyezi, kumapeto kwa mwezi abwana ku ofesi amaona kuti madandaulo angati anachedwa. Usiku wa giza uja sunalembedwe paliponse ngati ntchito yawo, chifukwa sunadzere mu sisitimu. Mu sisitimu munalembedwa kuti vuto linathetsedwa Lachiwiri ndi kontilakita. Ku ofesi nako amayi oyankha mafoni anali awiri, pano watsala mmodzi, winayo sindinafunse kuti anapita kuti.

Mng'ono wanga amene amandiyang'anira kanyumba kanga ka lendi ku Area 49 nditamufotokozera anati achimwene bwanji tiike kotere kwathu kuno, ma tenanti asiye kundiimbira usiku. Ndinamuuza kuti tenanti wa ku Lilongwe amene wagula bandulo ya WhatsApp ya tsiku limodzi sangataye nthawi kukambirana ndi loboti pamene akudziwa pamene iwe umamwera, abwera konko. Mwina kwa amene ali ndi nyumba zambiri zingathandize pa zokumbutsa lendi ndi kutumiza risiti munthu akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, koma kanyumba kamodzi ayi, ayankhe foni basi, ndimamupatsa ya sopo pa chifukwa chimenecho.

Nde nyenyezi ndipereka zingati? Pa makodi a geti, ma statement, mita ndi mafunso ang'onoang'ono, zisanu zonse, sindikufuna kubwerera ku nyimbo za pa foni zija. Pa zadzidzidzi ziwiri, ndipo ziwirizo ndi za suwichi ya giza ija. Pa ndalama ndi malamulo ziro, chilichonse chimene kanena chokhudza ndalama jambulani screenshot kenako mufunse munthu akulembereni pa imelo. Zonse pamodzi ndingati zitatu, ndipo zikhoza kufika zinayi atangochita zinthu ziwiri, kuika munthu weniweni woyankha usiku ukalemba kuti emergency, ndi kukaphunzitsa kunena kuti ichi sindikudziwa funsani ku ofesi. Ngati kompuleksi yanu ikufuna kuyamba zimenezi ndipo muli ndi mwayi wolankhula ndi trustee, funsani ziwiri zimenezo asanasaine. Ndipo lero lomwe, kusanade, pitani mukafunse amene amasamalira malo anu kuti valavu ya fulati yanu ili pati, mukaione ndi maso.

Siling'i anasintha patatha milungu itatu, penti sanapakebe, pali chigamba chotuwa pamwamba pa bedi la mwana chimene iye akuti chikufanana ndi mapu a Malawi opanda nyanja. Dzulo ndalemba kufunsa za pentiyo, ka bot kakuti dandaulo limenelo linatsekedwa bwinobwino, kodi mungakonde kutsegula latsopano, ndipo mungatipatse nyenyezi zingati pa thandizo la lero? Ndatsegula latsopano. Ankolo akuti penti yotsala ya bloko B ilipo mu stoo, nambala ikangofika pa foni yawo abwera Lachisanu.